Kasingano Kanu ndi Malo a Amayi

Kedungsawo,
18 Malichi 1979

Okondedwa achimwene a Darmadi,

Kalata yanu inafika Lachiwiri, itanyowa ngodya imodzi koma yowerengeka. Ndathokoza Mulungu kumva kuti malungo anakusiyani ndiponso kuti mwayambiranso ntchito kunkhalangoko. Kuno tili moyo. Mpunga wa kumtunda wayamba kucha, mbalame ndiye zatisowetsa mtendere. Za telegalamu ija musavutike nazo mtima. Tonse tikudziwa kuti kumene mukudula mitengoko uthenga umayenda pa bwato, ndipo maliro a Msilamu sagonera kudikira mwana wochokera kuchilumba cha Kalimantan. Palibe amene akukuimbani mlandu kuti simunabwere kudzaika amayi. Mlandu umene ndili nawo ndi inu ndi wina.

Mwandipempha zinthu ziwiri. Mwati ndikuuzeni ngati amayi tinawagoneka bwino pambali pa bambo monga ankafunira, ndipo mwati ndikafunse wosema miyala wa m'tauni za mwala umodzi wautali wolembapo mayina awo onse awiri. Mawu amenewo ndinawawerenga ndili chiimire pakhonde. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambire kumene nkhaniyi inayambira. Ndikangoyankha mwachidule mudzapukusa mutu nkumati ndi zochita za anthu akumudzi osaphunzira, chikhalirecho dzanja lanu lilimo.

Mukukumbukira Idi yapitayi, mutabwera ndi nsapato zachikopa zolira zija? Amayi anasiya kukulunga tempe, chakudya cha soya chija ankagulitsa kumsika, kuti azikuphikirani, ndipo aliyense wodutsa pamsewu ankamukodola kuti adzaone mwana wawo woyeza malo. Pemphero la swala litatha, amuna munakhala pakhonde la mzikiti, pansi pa ng'oma yoitanira anthu ku swala imene ankaimba bambo, mukudya mpunga wa m'masamba a kokonati. Ine ndinali pomwepo ndikutolera mbale, choncho musati ndinachita kumva kwa anthu. Munatulutsa kampasi m'thumba kuti muonetse a Haji Dulkamid, wapampando wa komiti ya mzikiti. Munaiika pansi pakhomo, kasingano kake kananjenjemera nkuima, inu nkuyamba kuseka.

"Akuluakulu, mzikiti wathuwu ukupenya ku Afirika," munatero. "Makka ali chakumanja uku. Zaka zonsezi takhala tikuwerama molambalala."

A Pawiro osunga manda, anzawo a bambo aja, anayankha mpunga uli m'kamwa. "Ndiye kuti mapemphero athu akutola ndi anthu a ku Afirikako? Uwalembere kalata, mwanawe, atibwezere. Anga okha ndi odzaza ngolo."

Onse anaseka, inunso munaseka. A Haji Dulkamid okha ndiwo sanaseke. Mukuwadziwa mmene alili. Chibwerere ku Makka amayenda ngati mzikiti wathu ukuwachititsa manyazi, poti ulibe nsanja kapena denga lobulungira longa la Aluya. Anakupemphani kuti mulembe mzere pansi, inu munatola msomali nkukanda pa njerwa, ndipo kampasi ija munawasiyira ngati mphatso. Patapita masiku ochepa munakwera basi, amayi atakulongedzerani tempe wokazinga m'chitini, ndipo ndikhulupirira kuti musanafike padoko munali mutaiwala kale zoti munakanda pansi.

Sindikunena kuti kasingano kanu kananama. A Haji anaitanitsa mphunzitsi wa m'tauni ndi mabuku ake, nayenso anati munalondola. Ndikunena kuti munthu amene anaphunzira kuyenda atagwira mizati ya mzikiti umenewu akanayamba waganiza asanatsegule pakamwa. Mukudziwa bwino kuti agogo a Ngabdul Jalal anafika pano akuthawa Adatchi nkhondo itawagonjetsa, alibe kampasi, alibe mabuku, ali ndi nkhwangwa ndi dzuwa basi. Anadzala mitengo iwiri ya zipatso za sawo ija, anaimika mizati inayi ya mtengo wa jati popanda msomali ndi umodzi womwe, anapenya kumene dzuwa likulowera nkunena kuti Makka ali uko. Chilichonse anachiyala motsata mawu amenewo: makoma, madenga atatu osanjikizana ndi chisoti chawo chadothi pamwamba, dziwe limene timadutsamo kutsuka mapazi tisanakwere pakhonde, kakhomo kakafupi kamene kamaweramitsa ndi akuluakulu a boma omwe, ndiponso manda a kuseri. Nyumba yonseyo ndi mawu amodzi, achimwene. Simungapotoze pansi pokha zinazo nkukhala chete.

Sabata isanathe a Haji anabwera ndi chitini cha penti woyera nkujambula mizere yopendekera kuchoka khoma ili kufika linalo. Mukanaona Lachisanu loyamba. Kale mizati inkaima pakati pa mizere osavutitsa munthu, tsopano mzati uliwonse wagwera pamalo a munthu. A Pawiro, amene akalambira pafupi ndi mzati wakumpoto uja, anapezeka mphuno ili pamtengo. Ashehe athu a Mustajab amalowa m'kachipinda kawo ka m'khoma kaja nkuima chammbali, phewa likukhula laimu, ngati munthu amene wakwiyira mkazi wake. Mikeka yathu yoluka sinkakwana m'ngodya, anachita kuidula ndi mpeni. M'chipinda chathu cha amayi mzere woyamba umangokwana anthu atatu, ena tonse timapanikizana kumbuyo.

Mudzi unagawikana. Pali a singano ndi a khoma, ndimo mmene akutchulirana mpaka lero. A khoma amalowa nkutembenuza mkeka kuti upenye kumadzulo monga kale, a singano amawaponda zala powadutsa. Mabanja awiri anasiyitsa ukwati wa ana awo pa nkhani yomweyi. Dzina lanu ndiye linali pakamwa pa aliyense. Kumsika ndinkamva kumbuyo kwanga akuti, "Mchemwali wa mneneri wa ku Kalimantan uyo," ena akuti munadya ndalama za odula mitengo nkutupa mutu. Ndinatukanana ndi anthu chifukwa cha inu, achimwene, ine amene mumtima ndinali wa khoma.

Amayi ndiwo anali oyamba mwa akazi onse kutembenuza mkeka wawo. Maso awo anali atachita kale khungu loyera lija, mzere sankauona, choncho ankachita kupapasa penti ndi chala cha kuphazi.

"Amayi, mukudzivutitsiranji?" ndinawafunsa. "Mulungu sakudziwa kumene mtima wanu ukupenya?"

"Mwana wanga anapita kusukulu ndi tempe wanga," anatero. "Akati kumanja, ndi kumanja. Iwe unapita sukulu iti?"

Sukulu imene sindinapiteyo inu mukudziwa chifukwa chake.

Zikanathera pa mikeka bwenzi ndikukulemberani za mpunga ndi mbalame basi. Koma mvula itayamba anamwalira mlamu wawo wa a Haji, ndipo a Haji anafika kumanda ndi kampasi yanu m'manja. Anati ngati amoyo tinkalambalala, akufanso akulambalala, poti manda onse anakumbidwa motsata khoma. Komiti inakhala pansi nkugamula kuti ogona kale asiyidwe mmene alili, koma manda aliwonse atsopano azikumbidwa mopendekera, motsata singano. Kuseri kwa mzikiti mukudziwa mmene anthu anagonera mothinana, manda opendekera sangalowe pakati pawo. Ndiye a Haji anapereka munda wawo wa chinangwa wa kutsidya kwa mtsinje, kum'mawa, kuti ukhale manda atsopano, ndipo anthu anawayamika kuti ndi owolowa manja. Munda wake ndi uja unkakana ndi chinangwa chomwe.

Tsopano ganizani za malo a amayi. Bambo anaimba ng'oma ya mzikiti kuyambira ali mnyamata mpaka manja atayamba kunjenjemera, ndipo mwambo wathu ndi woti wotumikira mzikiti amagona pafupi ndi khoma, mkazi wake pambali pake. Pakati pa manda a bambo ndi khoma panatsala kampata kongokwana munthu mmodzi wochepa thupi. Amayi anadzalapo melati, duwa loyera lonunkhira lija, chaka chimene bambo anatisiya, ndipo Lachinayi lililonse masana ankapita kukasesa, kuzula udzu ndi kuthyola timaluwa toika m'tsitsi. Ankati akukayala pogona pawo. Inu munkawaseka kuti akuthamangira imfa, iwo nkumati akungosunga malo kuopa kuti bambo angapeze wina.

A Pawiro anabwera kunyumba ndi ndodo yawo yoyezera, anandiitanira kuseri kwa khitchini.

"Mwana wa mnzanga, ndayesa uku ndayesa uku," anatero. "Ndikapendeketsa monga akufunira a Hajiwo, mutu wa mayi ako ulowa pansi pa maziko a mzikiti, miyendo ikagunda mafupa a bambo ako. Pamalo paja pamalowa munthu wowongoka basi."

M'mawa mwake ndinapita kwa ashehe a Mustajab, ndinawapeza akudyetsa njiwa zawo. Munthu uja ndi wofatsa, koma kufatsa kwake nkwa munthu woopa mkangano kuposa tchimo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati mabuku akuluakulu amalola munthu wokhala kutali chonchi kupenya mbali ya Makka ngakhale osalunjika ndendende, ndipo ogona kuseriwo palibe amene analakwa.

"Ndiye bwanji osawauza a Haji zimenezo?" ndinafunsa.

"Mwananga, a Haji ndi amene anagula timatabwa tofolerera denga lapakati. Koma tamvera. Mayi ako akabwera okha nkupempha malo awo pamaso pa komiti, ine ndiwavomera, ndipo palibe angatsutse mkazi wa woimba ng'oma. Angopempha basi."

Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Ndinkati nkhani yatha, amayi angonena mawu awiri. Cholakwika chinali choti a Pawiro anasangalala mopitirira muyeso. Nkhani inafika kwa a khoma onse, ndipo madzulo ake anadzaza pakhonde pathu, atanyamula nthochi ndi shuga ngati akudzafunsira mbeta. Amayi anakhala pa mpando wawo wansungwi akukulunga tempe m'masamba a jati, akumvetsera.

"Mlamu, musaope, tonse tili kumbuyo kwanu," anatero a Pawiro. "Mukangogona chowongoka pambali pa mnzanga, nkhani ya mizereyi yatha. Tidzawauza a singanowo kuti taonani, ngakhale mayi wake womubala waukana mzere wa Darmadi. Adzayankha chiyani?"

Ndinaona manja a amayi ataima pa tsamba. A Pawiro sankafuna zoipa, achimwene, munthu uja anakunyamulani pamapewa muli mwana. Koma mawu anali atatuluka.

"Mwati ndani waukana?" anafunsa amayi.

"Ndikunena kuti anthu adzaona okha, mlamu."

"Mukufuna mtembo wanga ukhale ndodo yokwapulira mwana wanga. Imwani tiyi wanuyo muzipita, kunja kukuda. Nthochizo mutenge, kuno ziliko."

Atachoka ndinawagwadira amayi. Ndinawauza kuti inu muli kutali, mawu a anthu a ku Kedungsawo sangawoloke nyanja kukakupwetekani. Ndinati simudzamva nkomwe. Iwo anati mudzabwera pa Idi, ndipo mudzavuuka m'dziwe lija anthu akukulozani zala kuti uyo amene mayi wake anamutsutsa ali m'manda. Anati inu mtima wanu ndi wanthete chiyambire, mukanyozedwa mumasiya kudya. Ine ndiye ndinapsa mtima nkunena zimene mwana sanena kwa kholo. Ndinati Darmadi anakanda pansi ndi msomali akuseka, m'kamwa muli mpunga, ndipo inu mukutaya mwamuna wanu chifukwa cha nthabwala. Iwo anangondiuza kuti ndiwonjezere nkhuni pamoto, nyemba za soya zisapse mbali imodzi.

Lachisanu lotsatira anavala nsalu yawo ya batiki yofiirira, ija ankasungira maukwati, nkundiuza kuti ndiwagwire dzanja. Swala itatha, amuna ali pakhonde, anavuuka m'dziwe pang'onopang'ono nkukaima pansi pa ng'oma. Ashehe anamwetulira poganiza kuti abwera kudzapempha. Inenso kamtima kena kankayembekezabe.

"Ashehe, a Haji, ndi inu nonse, ndabwera kuti mumve ndi makutu anu ndikadali moyo," anatero. "Mzere umene analemba mwana wanga ndi woona. Ndikafa mukandiike kutsidya, motsata singano. Asadzapezeke wonena kuti mayi wa Darmadi anakana."

A Haji Dulkamid anayamika Mulungu mokweza, nkuuza anthu kuti atengere chitsanzo kwa mayi wachikhulupiriro ameneyu. Ndikanakhala mwamuna ndikanawaponya m'dziwe momwemo ndi chisoti chawo choyeracho. A Pawiro anatsika pakhonde osatsanzika. Ashehe anangoyang'ana pansi, ndipo ndinaona kuti apepukidwa, poti mkangano wawadutsa. Pobwerera amayi anandiuza kuti tidzere kuseri. Anagwada pa kampata kaja, anafukula melati ndi manja awo, mizu ndi dothi lomwe, nkuika m'chitini chakale cha mafuta. Kwa bambo anangosesa masamba a sawo amene anagwera pamanda.

Kuyambira tsiku limenelo thupi linayamba kuwathawa. Sindinena kuti ndi nkhaniyi inawapha, chifuwa chija anali nacho kale, ndipo tsiku la munthu amalidziwa ndi Mulungu. Koma kumsika anasiya kupita, ndipo Lachinayi likafika ankangokhala pakhonde chitini chija chili pamiyendo. Mwezi wa Januwale, mtsinje utaphwerako, anandiumiriza kuti ndiwaperekeze kutsidya akaone pogona pawo. Amuna anga, bambo a Lestari, anawabereka kumsana powoloka. Munda uja ndi wa dothi lofiira lomata, mthunzi palibe, mbuzi za anthu zimangoyendamo. Amayi anandiuza kuti ndiwaimike mmene adzagonere, nkhope kumene kukuloza singano. Ndinawatembenuza mapewa. Kenaka nkhope yawo inawala.

"Wartini, ngati ndikupenya chonchi, mzikiti suli kutsogolo kwangaku?"

"Uli komweko, amayi."

"Ndiye bambo ako ali kuseri kwake, andifulatira monga mwa masiku onse. Moyo wanga wonse ndagona ndikupenya msana wa munthu ameneyo, akuliza mkonono. Waona? Mchimwene wako sanandisiyanitse nawo. Wangondisunthira kumbuyo pang'ono." Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anafunsa, "Chisoti cha padenga chikuoneka kuchokera pano? Maso angawa akungoona utsi."

Achimwene, chisoti sichioneka. Pakati pa munda umenewo ndi mtsinje pali nsungwi za a Haji Dulkamid, zazitali, zothinana, ndipo munthu ukaima pamenepo suona denga, suona mitengo ya sawo, suona kanthu koma nsungwi. Ndinayang'ana bambo a Lestari, iwo anayang'ana kumbali.

"Chikuoneka, amayi," ndinatero. "Madenga onse atatu akuoneka."

"Basi, pano pakwana," anatero. Anandipatsa chitini chija kuti ndidzale.

Anatisiya Lolemba m'mawa, mwezi wathawu, nditangowamwetsa madzi a mpunga. Anapita mwamtendere, shahada, umboni wa chikhulupiriro chathu, ili pakamwa, zimenezo mtima wanu ukhale pansi. Titawasambitsa ndi kuwakulunga m'sanda, ine mutu unandizungulira. Ndinathamangira kuseri kwa mzikiti, kumene akazi sitiyenera kupita pa tsiku la maliro, nkukaima pa kampata kaja. A Pawiro anali pomwepo ndi khasu, maso ali ofiira.

"Kumbani pano," ndinawauza. "Kumbani, mlandu ndi wanga."

"Mwana wa mnzanga, ungonena kachiwiri, ndikumba ngakhale andichotse ntchito," anatero.

Anthu anasonkhana. A Haji anafika akupukuta thukuta, kampasi ili m'thumba la malaya. "Mayi, musachite ngati simunamve," anatero. "Malemuwa analankhula okha pamaso pa mudzi wonse. Mukufuna kuphwanya mawu a mayi anu thupi lawo lisanazizire?"

"Analankhula chifukwa munawapanikiza pakati pa mwamuna ndi mwana," ndinayankha. "Inu a Haji, mayi anu agona pomwepa chowongoka. Bwanji osayamba mwawafukula iwowo, ngati kupendekera nkokoma?"

Bambo a Lestari anandikoka nsalu. Ashehe a Mustajab anabwera pafupi nkulankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha. Anati chifuniro cha womwalira ndi ngongole, ndipo anandifunsa ngati amayi anasinthapo mawu awo ali pamphasa. Ndikanatha kunama, achimwene. Palibe wina amene anali nawo pa maola omaliza koma ine, ndipo bodza limodzi ndinali nditawanamiza kale amayiwo. Koma ili linandikanika. Sanasinthe. Usiku wawo womaliza anandikumbutsanso kawiri. Ndinachoka pa kampata kaja ndekha, a Pawiro anaponya khasu pansi.

Mtsinje unali utadzaza tsiku limenelo. Amuna anawoloka madzi ali m'chifuwa, jeneza lonyamulira maliro atalinyamula pamwamba pa mitu, ife akazi tikuonerera kutsidya lino. Wina anayamba kuimba ng'oma ya bambo kumzikiti, sindikudziwa kuti anamutuma ndani, ndipo inalira mpaka jeneza linalowa m'nsungwi. Bambo a Lestari akuti a Haji anaima kumutu kwa dzenje ndi kampasi yanu, akuuza adzukulu kuti asemeko pang'ono mbali iyi, ndipo atamaliza anauza anthu kuti m'mudzi muno simunakhale manda olunjika bwino chotere.

Ndiye yankho lanu ndi limenelo. Amayi sali pambali pa bambo. Bambo ali kuseri kwa khoma, amayi ali m'munda wa chinangwa, pakati pali mtsinje. Mwala umodzi wa mayina awiri ulibe poti ukhale, mugule iwiri. Pa kampata kamene amayi anasesa zaka zonse zija komiti yaona kuti pangowonongeka, ndiye atsamizapo jeneza ndi makasu a adzukulu, afolerapo ndi lata. Lachinayi lililonse ndimasuntha makasuwo kuti ndisese kwa bambo, kenaka ndimakwinya nsalu nkuwoloka ndi maluwa otsala.

Amayi anandilumbiritsa kuti ndisadzakuuzeni. Anati mukadzafunsa ndidzati kuseri kunadzaza basi. Ndinavomera kuti agone, koma lero ndaphwanya, ndipo ndidzayankha ndekha pamaso pa Mulungu. Sindingathe kukuonani mukubwera pa Idi ndi nsapato zolira, a Haji akukukhazikani kutsogolo ngati munthu amene anawongola mudzi, inu mukumwetulira osadziwa mtengo wake. Ndakwiya nanu, achimwene, ndipo sindibisa. Sindikukwiyira kuti munadziwa zoona. Ndikukwiyira kuti munaziponya pansi ngati khoko la nthochi nkukwera basi, oterereka nkukhala ena. Ndikukwiyiranso kuti mpaka tsiku lomaliza amayi ankaopa kuti inu mungasiye kudya, pamene ine wowasambitsa ndi kuwatembenuza sanandifunse nkamodzi komwe ngati ndadya.

Mizere ya m'mzikiti sindikupemphani kuti muifute. Ikhale, mwina ndi yoonadi, ndipo amayi anailipira kale. Chimene ndikufuna ndi chimodzi. Ndinapita kwa a Haji kukapempha kuti adule nsungwi zija, mpata wongokwana kuti denga lioneke kuchokera pamanda a amayi. Anandiuza kuti nsungwi ndi zomangira, akufa saona, ndipo nkhani zotere ndi zotsalira za makolo osadziwa chipembedzo. Ine sangandimvere, ndine mkazi wokulunga tempe amene anawanyoza pagulu. Inu ndiye amakumverani, dzina lanu amalitchula ngati la mwana wawo. Musatumize kalata, musatumize ndalama. Mubwere nokha, mukaime pamutu pa amayi ndi kasingano kanuko, muone kumene kakuloza, ndipo chilichonse chotchinga pakati pa iwo ndi chisoti chija muchigwetse ndi manja anu. Mukugwetsa nkhalango yathunthu ya eni ake kumeneko, nsungwi zochepazi sizingakukanikeni. Ndinauza amayi kuti madenga onse atatu akuoneka, ndipo sindifuna kufa mawu amenewo akadali bodza.

Bambo a Lestari akupereka moni, ati chikwanje anola kale. Lestari akuti amalume amubweretsere mikanda ya kumeneko, koma musavutike nazo. A Pawiro sanapereke moni, ndipo musadabwe akakudutsani panjira. Muwapatse moni ndinu, ndi munthu wamkulu ndipo analira kuposa tonse. Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana, muwauze kuti agogo awo anasiya nsalu ya batiki yofiirira ija kuti ikhale ya mwana wanu wamkazi. Melati anagwira, ngakhale dothi lake ndi loipa, ndipo sabata ino watulutsa maluwa oyamba. Ndaikamo awiri m'kalata muno, mukawapeza atauma musawataye.

Moni womaliza ndi wa amayi, anandisungitsa Lamlungu madzulo. Anati ndikuuzeni kuti muzivala malaya amanja aatali dzuwa likamalowa chifukwa cha udzudzu, muzidya ngakhale chakudya cha kumeneko chisakome, ndipo musadere nkhawa za iwo, mwawagoneka poyang'ana bwino.

Ine mlongo wanu,
Wartini